Musanapereke magazi okayezetsa khansa yakumtundu, yambani mwafunsa azakhali

Pali mabanja ena kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amene khansa imachita ngati inawadziwa pakhomo. Inatenga agogo, kenaka amayi aang'ono asanakwanitse zaka 45, pano mchemwali wamkulu ndiye akuyenda ulendo wa ku Blantyre mwezi ndi mwezi. Otsalawo amadzigwiragwira m'mawere usiku osauza munthu. Ena amathamangira kwa asing'anga kukafufuza amene akumaliza mbumba. Ena, makamaka amene ali ndi foni ya intaneti kapena m'bale ku Joni, anamvapo zoti kuli kuyezetsa koonetsa ngati munthu anabadwa ndi chiopsezo cha khansa. Kuyezetsako kulipodi. Koma kutenga magazi ndi kanthu ka mphindi zochepa. Ntchito yaikulu ili pa zimene munthu ayenera kuchita singano isanalowe pamkono, ndipo yambiri mwa ntchitoyo sifuna ndalama.

Chimene munthu amatengera

Palibe mwana amabadwa atatengera chotupa cha amayi ake. Chimene chimayenda m'banja ndi jini yolakwika, imene imachititsa kuti khansa isavutike kuyamba.

Thupi linapangidwa ndi maselo, ndipo m'kati mwa selo muli DNA, malangizo a momwe selolo likulire, ligawikane ndiponso life nthawi yake ikakwana. DNA inalongedwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu, 23 tochokera kwa mayi ndi 23 tochokera kwa bambo. Pa timitolo timeneti ndi pamene pali majini, pafupifupi 20,000, ndipo pafupifupi jini iliyonse tili nayo pawiri, ya kuchikazi ndi ya kuchimuna. Majini ena ntchito yawo ndi kukonza DNA ikawonongeka, ena kuimitsa selo likayamba kuswana mosadziletsa. Khansa imayamba oletsa amenewa akafa ntchito m'selo limodzi, selolo n'kumangoswana.

Taganizani njinga ya kabaza ikutsetsereka m'zitunda za ku Thyolo. Ili ndi mabuleki awiri. Imodzi ikaduka inayo imagwirabe, ndipo kuti onse awiri aduke pa njinga imodzi pamapita nthawi yaitali. N'chifukwa chake khansa zambiri zimabwera munthu atakula. Tsono wobadwa ndi jini yolakwika, maselo ake onse anayamba ulendo ndi buleki imodzi yokha. Amayenda bwinobwino, mwina moyo wake wonse, koma pa maselo ochuluka choncho n'kosavuta kuti penapake yotsalayo iduke. Dokotala wina wa ku America, Alfred Knudson, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1971 ataunika khansa ya m'maso ya ana. Apa ndiye zikumveka chifukwa chake khansa yakumtundu imabwera munthu akadali wamng'ono, imagwira mbali zonse, bere ili ndi ilo, diso ili ndi ilo, komanso imatha kubwera kawiri mwa munthu mmodzi.

Kholo lokhala ndi jini yotere limapatsa mwana aliyense imodzi mwa ziwiri zake, yabwino kapena yolakwikayo. Choncho mwana aliyense, wamkazi kaya wamwamuna, ali pa theka ndi theka. Sikuti pa ana asanu ndi mmodzi atatu ndiwo atengere ayi. Atha kutengera onse, atha osatengera ndi mmodzi yemwe. Amene sanatengere alibe choti n'kupatsira ana ake. Jini sidumpha mbadwo n'kukatulukira kwa chidzukulu, ngakhale imaoneka choncho ikadutsa mwa bambo amene sanadwalepo.

Mwa khansa 100 zilizonse, zapakati pa 5 ndi 10 zokha ndi zimene zimachokera ku jini yotengera kwa makolo. Kwathu kuno mfundo imeneyi ndi yolemera, chifukwa khansa zimene zadzaza mawodi athu zili ndi zoyambitsa zina zodziwika. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri pa dziko lonse, ndipo imayamba ndi kachilombo ka HPV kopatsirana pogonana. Kaposi, ija ya zigamba zakuda m'miyendo ndi m'kamwa, imayamba ndi kachilombo ka HHV-8 chitetezo cha m'thupi chikatsika, makamaka chifukwa cha HIV. Burkitt, yotupitsa nsagwada kapena mimba za ana, imayendera limodzi ndi kachilombo ka Epstein-Barr ndi malungo obwerezabwereza. Ndiye ngati amayi ndi achemwali anu onse anadwala khansa ya khomo la chiberekero, musataye ndalama pa majini. Pitani ku chipatala cha boma cha Mulanje, ku Mulanje Mission, ku Thyolo kapena ku Malamulo akakuunikeni khomo la chiberekero, ndipo ana aakazi alandire katemera wa HPV amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.

Zimene zimadzutsa dokotala ndi zina. Khansa ya m'mawere mwa mayi wosakwana zaka 50, makamaka wosakwana 40. Khansa ya m'timatumba ta mazira pa msinkhu uliwonse. Bambo wodwala khansa ya bere. Khansa ya m'matumbo kapena ya m'kati mwa chiberekero munthu asanafike zaka 50. Abale awiri kapena atatu a mbali imodzi odwala khansa zofanana kapena zoyendera limodzi.

Majini otchuka pa nkhaniyi ndi BRCA1 ndi BRCA2. Katswiri wa majini wa ku America, Mary-Claire King, anaonetsa mu 1990 kuti pa kromozomu 17 pali jini yochititsa khansa ya m'mawere m'mabanja, jiniyo inapezeka mu 1994, ndipo inzake ya pa kromozomu 13 inapezeka mu 1995. Mwa amayi 100 okhala ndi BRCA1 yolakwika, apakati pa 55 ndi 72 amadwala khansa ya m'mawere pofika zaka 70 kapena 80, ndipo apakati pa 39 ndi 44 amadwala ya m'timatumba ta mazira. Pa BRCA2 ndi 45 mpaka 69 ya m'mawere, 11 mpaka 17 ya m'timatumba ta mazira. Kuti muone kukula kwake, mwa amayi wamba 100 a ku America ndi 13 amene amadwala ya m'mawere, ndipo ya m'timatumba ta mazira ndi mmodzi kapena kupitirira pang'ono. Abambo nawo sanapulumuke: BRCA2 imakweza chiopsezo cha khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo), ya bere ndi ya kapamba (pancreas). Ziwerengerozi zinachokera makamaka kwa azungu, komabe tisadzinamize kuti ndi matenda awo okha. Kafukufuku wa ku Ibadan m'dziko la Nigeria, wotsogoleredwa ndi Olufunmilayo Olopade, amene anatuluka mu 2018, anayeza amayi oposa 1,100 odwala khansa ya m'mawere. Pafupifupi 15 mwa 100 alionse anali ndi jini yolakwika, 7 mwa iwo BRCA1 ndipo 4 BRCA2.

Gulu lina ndi la Lynch, la majini a MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2, limene limabweretsa khansa ya m'matumbo aakulu ndi ya m'kati mwa chiberekero. Mbiri yake ndimaikonda. Mu 1895 mayi wina wosoka zovala ku Michigan anadandaulira dokotala Aldred Warthin kuti akudziwa kuti adzafa ndi khansa monga anafera abale ake. Warthin sanamuseke. Analemba mndandanda wa banja lonse, wodwala ndani, khansa yanji, ali ndi zaka zingati, ndipo anausindikiza mu 1913. Mayiyo anamwaliradi ndi khansa. Majini ake a matendawa anadzadziwika m'zaka za m'ma 1990, koma pepala la banja linali litanena kale zoona.

Mtundu wa kuchimuna

Pepala ngati limenelo ndilo chinthu choyamba chimene dokotala adzakufunseni, ndipo ndi pamene ife a kuno timagwa. Alhomwe ndi Amang'anja omwe timawerenga mtundu kuchikazi. Mukafunsa munthu ngati kwawo kuli khansa, maganizo ake amathamangira ku mbumba: amayi, agogo akuchikazi, amayi aakulu ndi aang'ono, amalume. Bambo ndi mkamwini, anachita kubwera, ndipo banja likatha amanyamula chikwama kubwerera kwawo, ana n'kutsala pamudzi pa mayi. Ambiri takula osadziwa kuti azakhali athu anamwalira ndi chiyani, ena ngakhale mayina awo. Onjezerani kuti abambo ambiri anabwera kuno kudzagwira ntchito m'maesiteti a tiyi, abale awo ali kutsidya kwa Muloza ku Milange kapena kutali m'kati mwa Mozambique. Koma majini sadziwa chikamwini. Theka la mabanja okhala ndi BRCA, jiniyo inalowera kuchimuna. Mtsikana amene kuchikazi kwake kulibe ndi mmodzi yemwe wodwala, koma azakhali ake awiri anamwalira ndi khansa ya bere ali achitsikana, ali pa chiopsezo ngati mnzake amene matendawo ali mu mbumba yake.

Choncho tengani kope, mugawe tsamba pawiri, uku kuchikazi uku kuchimuna. Lembani mibadwo itatu: inu ndi abale anu ndi ana anu, makolo ndi abale awo onse ndi ana awo, kenaka agogo anayi. Pa munthu aliyense lembani ngati ali moyo, zaka zake, khansa yanji, inayamba ali ndi zaka zingati, mbali iti, anathandizidwa kuti. Zaka zimene matenda anayamba n'zofunika kuposa zaka zimene anamwalira. Lembaninso amene sanadwale, chifukwa azakhali asanu amene anafika zaka 80 ali gwa akunenanso kanthu. Pamene pali ana a mayi mmodzi abambo osiyana, kapena a bambo mmodzi amayi osiyana, sonyezani bwino. Pamudzi tonse ndi achimwene ndi achemwali, koma dokotala akufuna kudziwa kuti magazi anadutsa mwa ndani.

Vuto ndi lakuti akuluakulu ambiri anamwalirira kunyumba osauzidwa dzina la matenda. Mukafunsa kuti "Kodi agogo anamwalira ndi khansa?" yankho lidzakhala lakuti anangodwala nthawi yaitali, kapena kuti zinali za anthu. Funso lotere limatseka pakamwa. Funsani zimene anaona ndi maso, ndipo musafunsire pamaliro kapena pagulu. Pitani masana, mukhale pamphasa, muwathandize kutongola chimanga.

"Azakhali, agogo aja pamene ankadwala, chinkawavuta n'chiyani kwenikweni?"

"Mimba, mwana wanga. Inatupa ngati ali ndi pakati, chonsecho anali atasiya kale kusamba. Ku Gulupu anawapopa madzi, koma inadzazanso."

"Nanga inu nthawi imeneyo munali ndi ana angati?"

"Ndinali ndi pakati pa wachiwiri. N'chaka chija Napolo anasesa ku Phalombe."

Mwapeza zambiri pamenepa. Napolo wa ku Phalombe anali mu 1991, choncho zaka za agogo mutha kuziwerengera. Zaka za akuluakulu zimapezeka choncho, polozera referendamu ya 1993, njala ya 2002, kubadwa kwa mwana wakutiwakuti. Koma musalembe kuti inali khansa ya m'timatumba ta mazira. Mimba yodzaza madzi imabweranso ndi matenda a chiwindi, likodzo la m'matumbo, TB ya m'mimba ndi mtima. Lembani mawu momwe azakhali anenera, kutanthauzira musiyire dokotala.

Pamene pali mapepala, asakeni. Buku la kuchipatala la malemu nthawi zambiri limakhala lili m'sutikesi kapena pansi pa matilesi, ndipo achibale ena amaliwotcha pamodzi ndi zovala. Lipempheni lisanapite. Chamtengo wapatali kwambiri ndi pepala la zotsatira za kanyama kamene anadula pachotupa kukapima ku labotale. Lijambuleni pafoni. Limanena mtundu weniweni wa khansa, ndipo ngati ndi ya m'mawere limatha kunena ngati ili ya triple negative, imene simva mankhwala a mahomoni. Mtundu umenewu umapezeka kwambiri mwa amayi achikuda ndiponso mwa okhala ndi BRCA1, moti pawokha ndi chifukwa chokwanira choganizira zoyezetsa. Mapepala amathandizanso pa "khansa ya chiberekero", imene pamudzi timaitchula ngati chinthu chimodzi pamene ndi malo atatu. Ya pakhomo ndi ya HPV. Ya m'kati mwa chiberekero imaloza ku Lynch. Ya m'timatumba ta mazira imaloza ku BRCA. Kusokoneza zitatuzi kutha kutumiza banja lonse njira yolakwika.

Ayambe kuyezetsa ndani

Amene amafunitsitsa kuyezetsa amakhala wathanzi wamantha uja, kawirikawiri amene ali pantchito m'tauni ndipo ndalama ali nayo. Koma woyenera kuyamba ndi wodwalayo, makamaka amene khansa inamugwira ali wamng'ono kuposa onse. Wathanzi akayezetsa yekha n'kupezeka alibe kanthu, sitidziwa ngati wapulumuka jini ya m'banjamo kapena ngati banjalo lili ndi vuto limene makina sanaone. Koma wodwala akapezeka ndi kulakwika kwakutikwakuti pa BRCA1, abale onse amangoyezetsa malo amodzi omwewo. Zimatsika mtengo, ndipo yankho lake limakhala lomveka, inde kapena ayi. Ngati banja likusonkha ndalama za munthu mmodzi, zipite kwa wodwalayo. Zingathandizenso iye mwini, chifukwa khansa za BRCA zimamva bwino mankhwala ena monga a platinum ndi olaparib, ndipo dokotala wa opaleshoni amaganiza mosiyana za bere linalo.

Kupempha munthu amene ali pa mankhwala a khansa, tsitsi litathothoka, kuti apereke magazi chifukwa cha ena, si chinthu chopepuka. Ali ndi ufulu wokana. Koma musazengereze mpaka mochedwa, chifukwa akapita amapita ndi yankho la banja lonse.

Uphungu, ndi kumene kuyezetsa kumachitikira

Ife Amalawi uphungu tinauzolowera pa nkhani ya HIV: kukhala pansi kaye, kufotokozeredwa, kuvomera, kenaka magazi. Apanso dongosolo ndi lomwelo, koma pali kusiyana kuwiri. Zotsatira za HIV zimanena zimene zilipo lero, ndipo mankhwala mumayamba pompo. Za majini zimanena zimene zingadzachitike, osatchula chaka, ndipo palibe piritsi lokonza jini. Chachiwiri, zotsatira zanu zimanenanso za anthu amene sanavomere kuyezedwa. Inu mukapezeka nayo, ndiye kuti mmodzi mwa makolo anu pafupifupi mosakayika ali nayo, ndipo abale anu onse a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi ali pa theka ndi theka.

Kuyezetsa kumeneku sikuli pa mndandanda wa zimene amachita pa chipatala chaching'ono kapena cha paboma. Polowera pake ndi dokotala wa khansa kapena wa opaleshoni pa chipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe kumene kuli chipatala cha khansa cha dziko lino, ndipo kumeneko mumapita ndi kalata yochokera ku chipatala cha kwanu. Magaziwo kawirikawiri amatumizidwa ku labotale za kunja, monga ku South Africa, ndalama n'kutuluka m'thumba lanu. Mtengo unatsika kwambiri kuchokera mu 2013, pamene khoti lalikulu la ku America linagamula kuti kampani singakhale mwini wa jini ya munthu. Kale kampani ya Myriad Genetics yokha ndiyo inkayeza BRCA kumeneko pa mtengo woposa madola 3,000, pano labotale zambiri zimayeza majini angapo nthawi imodzi pa madola mazana ochepa. Kwa wothyola tiyi imeneyi ikadali ndalama yosayerekezeka, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbikira za kope lija. Dokotala akaona pepala la banja lolembedwa bwino atha kuyamba kukuunikani msanga ndi pafupipafupi ngakhale musanayezetse jini ndi imodzi yomwe.

Safunsa anadya phula. Funsani kuti ayeza majini ati ndipo chifukwa chiyani amenewo. Funsani ngati akuyeza magazi anu kapena chotupa, chifukwa kulakwika kopezeka m'chotupa mokha sikupita kwa ana. Funsani ngati akuwerenga jini yonse kapena malo ochepa chabe. Timapaketi tina togulitsidwa pa intaneti timangoyang'ana zolakwika zochepa zodziwika mwa mitundu ina ya anthu, monga zitatu zofala mwa Ayuda a Ashkenazi, ndipo kwa Mlhomwe wa ku Luchenza kuuzidwa kuti alibe zitatuzo sikutanthauza kanthu. Funsani mtengo wonse, kuphatikizapo wotumizira ndi wodzaonana ndi dokotala zotsatira zikabwera, ndiponso kuti adzakuuzani ndani, pamaso kapena pafoni. Ndipo aja amayenda ndi kamakina kogwiritsa m'manja, n'kukuuzani matenda onse a m'thupi kenaka n'kukugulitsani mabotolo, sakuyeza jini iliyonse.

Tsiku lotenga magazi ndiye losavuta. Simusala kudya. Amatenga kabotolo kamodzi kapena tiwiri pamkono. Ngati ndi malovu, musadye, kumwa, kusuta kapena kutafuna kanthu kwa mphindi 30, kenaka mumalavulira m'kachubu mpaka pamzere, osawerengera thovu, n'kutseka kuti mankhwala a m'chivindikiro asakanikirane ndi malovuwo. Nenani ngati munaikidwa magazi posachedwa kapena muli ndi khansa ya m'magazi. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa pa botolo zalembedwa molondola. Zotsatira zimatenga masabata angapo.

Mayankho atatu

Anthu amayembekezera awiri, koma alipo atatu. Loyamba, yapezeka jini yolakwika yodziwika kuti imabweretsa khansa. Sikuti muli ndi khansa, ndipo sikuti mudzadwala ndithu. Lachiwiri, sinapezeke. Ngati kulakwika kwa m'banja mwanu kukudziwika kale ndipo inu mulibe, pumani, chiopsezo chanu chili ngati cha munthu wina aliyense, ndipo ana anu sangatengere kwa inu. Ngati sikukudziwika, mbiri ya banja ikadali ndi mphamvu ndipo kuunikidwa kupitirire.

Lachitatu ndilo limasowetsa anthu tulo. Labotale yapeza kusiyana pa jini koma sikudziwa ngati kuli koopsa kapena ayi. Pa pepala amalemba kuti VUS. Kwa ife yankho limeneli limabwera kawirikawiri kuposa kwa azungu, pa zifukwa ziwiri. Anthu a mu Africa ndi amene majini awo amasiyanasiyana kwambiri pa dziko lonse, ndipo nkhokwe zimene labotale zimayerekezera nazo zinadzaza ndi majini a anthu a ku Ulaya. Kusiyana kumene mwina theka la mudzi wanu lili nako popanda vuto, kompyuta ya kunja imakuona ngati kwachilendo. Zambiri mwa zotsatira zoterezi zikadzaunikidwanso zimapezeka kuti n'zosaopsa. Choncho pa VUS munthu sachotsa bere kapena chiberekero, ndipo sayezetsa abale. Sungani pepalalo, musiye nambala ya foni imene simudzasintha, ndipo muzifunsa pakapita zaka ngati labotale yasintha maganizo.

Mukapezeka nayo mudzatani

Funso ili liyankheni musanayezetse, osati zotsatira zili m'manja. Malangizo a m'mayiko olemera amati mayi wa BRCA ayambe kujambulidwa mawere ndi makina a MRI ali ndi zaka 25, mammogram (ekisire ya mawere) kuyambira zaka 30, chaka ndi chaka. Wa Lynch aziunikidwa m'matumbo ndi kapaipi ka kamera chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse kuyambira zaka za m'ma 20. Makina amenewa ali m'mizinda, ndipo kwa munthu wa ku Thekerani kapena ku Muloza ndiye kuti thiransipoti, pogona ndi masiku osagwira ntchito, chaka chilichonse kwa zaka makumi. Werengerani zimenezo, osati mtengo wa kuyezetsa wokha. Chotheka pafupi ndi kupimidwa mawere ndi manja a dokotala kapena namwino wodziwa miyezi 6 mpaka 12 iliyonse, kudziwa mawere anu momwe alili, ndi kusadikira chotupa chiyambe kupweteka, popeza khansa ya bere poyamba nthawi zambiri sipweteka.

Khansa ya m'timatumba ta mazira ndiye ilibe njira yodalirika yoipezera msanga, ngakhale ku London. Chimene chimateteza ndi opaleshoni yochotsa timatumbato ndi machubu ake mayi akamaliza kubereka, pa zaka 35 mpaka 40 kwa wa BRCA1, 40 mpaka 45 kwa wa BRCA2. Opaleshoni imeneyi madokotala a amayi kwathu kuno amaidziwa, ndipo mwa zonse zimene zotsatira zingatsegule, ine ndimaona kuti iyi ndiyo yaphindu lenileni kwa mayi wa kuno. Ili ndi mtengo wake: kusamba kumatha nthawi yomweyo, thupi limatentha, mafupa amafooka msanga, ndipo mpofunika kukambirana ndi dokotala za mankhwala a mahomoni. Kuchotsa mawere onse asanadwale kumachepetsa chiopsezo ndi 90 peresenti kapena kuposa. Angelina Jolie, katswiri wa mafilimu wa ku America, amene amayi ake anamwalira ndi khansa ali ndi zaka 56, analengeza mu 2013 kuti wachita zimenezi atapezeka ndi BRCA1, ndipo mu 2015 anachotsetsanso timatumba ta mazira. Nkhani yake inachititsa amayi ambiri kukayezetsa, koma iye anali ndi madokotala oumbanso mawere. Mayi wa pamudzi ali ndi mwamuna, apongozi ndi ankhoswe amene adzafunse kuti wadulitsiranji chiwalo chosadwala. Kusankha kuunikidwa m'malo mwa opaleshoni si mantha, ndipo kusankha kusayezetsa n'komwe pakadali pano ndi ufulu wa munthu.

Chinsinsi ndi abale

Ganiziranitu kuti mudzauza ndani. Pali amuna amene angathawe mkazi atamva kuti "ali ndi magazi a khansa", ndi apongozi amene angaletse ukwati. Pali mayi amene adzadziimba mlandu kuti wapatsira ana ake, chonsecho palibe amene anasankha majini ake. Kuyeza abale angapo nthawi zina kumaulula kuti bambo wolera si bambo wobereka, ndipo nkhani yotere ndi bwino mphungu aitchule pachiyambi. Amene mukuganiza zotenga inshuwalansi ya moyo, werengani mafunso a pafomu musanayezetse. Ngakhale ku America, kumene lamulo la 2008 limaletsa olemba ntchito ndi a inshuwalansi ya zaumoyo kusala munthu chifukwa cha majini, inshuwalansi ya moyo inasiyidwa kunja kwa lamulolo.

Komabe abale ayenera kumva. Wakutsina khutu ndi mnansi. Pemphani dokotala akulembereni kalata yotchula jini ndi kulakwika kwake kwenikweni, yoti m'bale aliyense atha kupita nayo kwa dokotala wake, kaya ali ku Limbe kaya ku Johannesburg. Kumene kuli mwinimbumba womvetsa zinthu, yambirani kwa iye, chifukwa mawu a amalume amatha kuzimitsa nkhani ya ufiti imene yagawa banja zaka zambiri. Alongo anu aamuna musawadumphe, ana awo aakazi ali pa mzere womwewo. Ndipo ngati jiniyo inachokera kwa bambo, uthenga uyenera kuwoloka kupita kumudzi kwawo, ngakhale kumene simunapondeko chithere ukwati.

Ana osakwana zaka 18 sayezedwa BRCA kapena Lynch. Khansa zake n'za akuluakulu, palibe chimene mungachite pa mwana wa sitandade 5, ndipo adzasankha yekha akakula. Zimasiyana pa matenda oyamba paubwana. Khansa ya m'maso ya ana, retinoblastoma, pafupifupi 40 mwa 100 alionse odwala amakhala ndi jini ya RB1 yolakwika m'thupi lonse, makamaka amene yawagwira maso onse awiri. Chizindikiro chake ndi kuyera kwa mwanadiso, kumene nthawi zina kumayamba kuoneka pa chithunzi chojambulidwa ndi fulashi, kapena diso loyang'ana kumbali. Ngati m'banja muli mwana amene anadwala matendawa, kapena kholo limene linachotsedwa diso lili laling'ono, khanda lililonse lobadwa m'banjamo lipite kwa dokotala wa maso m'masabata oyambirira, osadikira zoyezetsa majini, ndipo lizibwererako momwe dokotala wanenera. Kwa ife a Mulanje ndi Thyolo, chipatala cha maso cha Lions chimene chili pa Queen Elizabeth ndicho chapafupi chokhala ndi akatswiri a maso a ana.